Ife Tinaika Rute, Atate Ake Anaika Asiyatu

Ndinataya mkazi. Ndinataya munthu amene ankandidzutsa belu la sukulu lisanalire. Ndinataya nyimbo zimene zinkachokera kuseri kwa nyumba Loweruka m'mawa, iye akuchapa. Ndinataya timawu tachilendo timene tinkamveka m'nyumba mwathu munthu akayetsemula, mphezi ikang'anima kapena mbale ikagwa, timawu timene sindinatiphunzire chifukwa ndinkati nthawi ilipo. Ndinatayanso yankho la funso limodzi limene ndinalifunsa mochedwa.

Tsiku loika maliro ndinadzuka kunja kusanayere. Ndinali nditagona chokhala, nditatsamira khoma la nyumba ya aphunzitsi imene tinkakhalamo pa sukulu ina ya ku Bundabunda. Unali mwezi wa Julaye ndipo mphepo inkalowa m'mafupa. Amuna anali atazungulira moto wa zitsa ndi mapesi, ena atafunda matumba a fetereza. M'nyumba amayi a chigwirizano cha mpingo wathu anali ataimba usiku wonse, ndipo tsopano panatsala mawu a mayi mmodzi yekha, osasa, akukoka nyimbo pang'onopang'ono. Pambali panga panali msuweni wanga Lazaro. Ndiye anapatsidwa ntchito yondisunga, pakuti mwamuna woferedwa sayenda yekha, sadzitungira madzi, ndipo sayankhula pa bwalo. Lazaro ataona kuti ndadzuka anandikankhira bulangete.

Mkazi wanga anali ndi mayina awiri. Atate ake, Che Amidu, anali telala ku Lusaka, Myao wochokera kutsidya kwa malire a kum'mawa, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala. Iwo anamutcha Asiyatu. Amayi ake anamwalira iye akadali wamng'ono. Ndinamudziwa ndili ku koleji ya zauphunzitsi, pamene ndinapititsa buluku langa kukafupikitsa. Tisanakwatirane anaphunzira kalasi ya kutchalitchi, nabatizidwa, natenga dzina la Rute. Atate ake sanabwere ku ukwati. Anangotumiza diresi limene anasoka okha, ndipo linamukwana ndendende ngakhale sanamuyeze. Kuyambira pamenepo sanaponde pakhomo pathu, ndipo dzina la Rute silinatulukepo pakamwa pawo.

Rute anadwala malungo aakulu masiku owerengeka, namwalira ku kachipatala ka kwathuko. Pa nthawi imene ankatsirizika ndinali naye ndekha.

Ahedi a sukulu yathu ndiwo anatumiza uthenga wa maliro ku wayilesi. Analemba dzina limene ankalidziwa, Rute Banda wa ku Chongwe. Ndinamva pambuyo pake kuti Che Amidu anaumva uthengawo akusoka, pakati pa mauthenga ena ambiri, ndipo sanaimitse makina. A Banda ndi ambiri, ndipo mwana wawo sanali Rute. Mayi wina woyandikana nawo nyumba ndiye anabwera tsiku lotsatira kudzawafunsa ngati limenelo silinali dzina la kutchalitchi la mwana wawo uja. N'chifukwa chake anafika m'mawa wa tsiku loika, manda atakumbidwa kale.

Anabwera pa lole ya makala yobwerera, dzuwa litangotuluka. Anali anayi: iwo, mlongo wawo, ndi amuna awiri a kumzikiti. Anachedwa pa zotchinga za asilikali mumsewu waukulu, ndipo fumbi linali litawayeretsa nsidze. Che Amidu anatsika atakumbatira phukusi lokutidwa ndi pepala la simenti. Azakhali a Rute anathamangira m'nyumba akulira dzina lakuti Asiyatu, ndipo amayi amene anali pakhomo anayang'anana. Ena anaganiza kuti mlendoyo wasochera maliro.

Anthu anali atayamba kuchuluka. Makolo a ana a sukulu ankabwera ndi nkhuni pamutu, maungu, nyemba m'timabeseni. Ena anachokera ku Nkomeshya pa njinga. Mchere unkasowa m'masitolo chaka chimenecho, ndipo ndinaona mayi wina akumasula kamfundo pa chitenje chake kuthira m'mgolo wa ndiwo kamchere kamene anabwera nako. Utsi unkayenda pansipansi chifukwa cha mphepo. Zonsezi ndinkaziona bwinobwino, koma ngati zikuchitika pakhomo pa munthu wina.

Posakhalitsa anandiitanira kuseri kwa kalasi. Anali atatulutsa mabenchi a ana, ndipo akuluakulu anakhalapo mawondo ali m'mwamba. Panali a Mwanza, mkulu wa mpingo wathu, amene ankatsogolera mwambo chifukwa abusa anali kutali. Panali Che Amidu ndi anzawo awiri aja. Panalinso tcheyamani wa chipani wa dera lathu, pakuti masiku amenewo chipani chinali chimodzi ndipo panalibe msonkhano, ngakhale wa maliro, umene iye ankasowapo.

Che Amidu anamasula phukusi lija. Munali nsalu yoyera yatsopano, yopindidwa mwaluso. Nsalu yotero inali yosowa ngati mchere.

"Sindinabwere kudzakangana," anatero. "Mwana wagona kale panja masiku, kwathu sitichita choncho, koma zachitika. Ndabwera ndi sanda yake. Timusambitse, timukulunge, timuswalire."

A Mwanza anavula chipewa. "Pepani kwambiri, Che Amidu. Koma uyu ndi Mkhristu wodya mgonero. Anaima pamaso pa mpingo, tinamufunsa, anayankha ndi pakamwa pake. Palibe anamukoka."

"Munthu amayankha zambiri akakhala ndi mphamvu," anatero Che Amidu. "Ife timayang'ana mawu omaliza." Anatembenukira kwa ine, ndipo kanali koyamba kuti andiyang'ane kumaso. "Aphunzitsi, munalipo ndinu. Pomaliza ananena chiyani? Anatchula mawu a chikhulupiriro chathu?"

"Kapena anaitana dzina la Ambuye Yesu," anatero a Mwanza mofatsa. "Nenani, aBanda. Musaope."

Tcheyamani anasuntha pa benchi. "Makomuredi, boma silifuna magawano, ndipo pano ni pa sukulu ya boma. Ba Ticha, kambani chabe tipite patsogolo. Anafa mu Chinyanja olo mu Chiarabu?"

Ku koleji tinali ndi mphunzitsi wa zachipembedzo amene ankakonda kujambula mtengo pa bolodi. Pa tsinde ankalembapo Abrahamu, ndipo nthambi zinali zitatu. Anatiphunzitsa kuti Mose ndi aneneri anasiya mawu awo m'Chiheberi. Yesu ankayankhula Chiaramu ndi asodzi, koma amene analemba za iye analemba m'Chigiriki, ndipo ife timawerenga m'Chinyanja popanda kuona kuti tataya kanthu. Asilamu amati buku lawo linatsika m'Chiarabu, ndipo ukalimasulira umangopeza tanthauzo, osati buku lenilenilo. Phunziro limenelo ndinalikhoza bwino kwambiri. Ndinkalibwereza kwa Rute ndikamumva akunong'ona timawu take tija. Ndinkamuuza kuti pemphero limene mwini wake salimva ndi phokoso chabe. Iye ankaseka, namati, "Nanga imwe Chigiriki muchidziwa? Munawamvera kuti Yesu akukamba Chinyanja?" Lamulungu lotsatira ankavala bulauzi yake yoyera, nakaimba patsogolo pa amayi onse, misozi ikutsika. Ndinkaona zonse ziwiri, ndipo sindinkaona chifukwa chofunsira zambiri.

Tsopano amuna aja ankadikira. Ndikanati anatchula mawu a Chiarabu, atate ake akanamutenga. Ndikanati anaitana Yesu, mkuluyo akanabwerera ku Lusaka akukhulupirira kuti mwana wake watayika. Zonse ziwiri sizinachitike. Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Anali wotopa," ndinatero.

Anadikirabe. Lazaro anandigwira paphewa nawauza kuti woferedwa asakakamizidwe. Tcheyamani anagamula kuti aliyense apemphere zake, koma mwachangu, chifukwa madzulo kunali msonkhano wa fetereza. Palibe anavomera ndipo palibe anakana. Anthu anangonyamuka.

Pobwerera ndinaona anyamata akukoka mbuzi imene makolo anapereka. Mpeni unali kale m'manja mwa wina pamene mayi wina wachikulire anakuwa kuti alendowo sadzadya nyama yophedwa ndi ife, choncho aphe ndi iwo kuti tidye tonse. Anaitana mmodzi wa amuna a kumzikiti aja. Iye anapinda malaya, naigoneka mbuziyo moyang'ana kumpoto, nanena timawu tochepa asanadule. Ndinaima. Anali mawu omwe aja amene Rute ankanong'ona akamayatsa moto m'mawa. Ndinali nditawamva m'khitchini mwanga nthawi zosawerengeka, ndipo sindinkadziwa kuti amanenedwanso pa khosi la mbuzi. Nyamayo anadya onse masana amenewo, ndi a Mwanza omwe.

M'nyumba mawu anayamba kukwera. Azakhali ankafuna kusambitsa mtembo mwa mwambo wawo, koma amayi a chigwirizano anali atausambitsa kale ndi kuuveka yunifolomu ya mpingo. Mtsogoleri wa amayiwo anati yunifolomuyo sivulidwa. Azakhali anati mwana wa mchimwene wawo sangapite kwa Mulungu atavala mabatani. Wina anati aitane mwini mkazi.

Ndinalowa ndi Lazaro. Mipando yathu inali itatulutsidwa, ndipo chipinda chinaoneka chachikulu kuposa mmene ndinkachidziwira. Bokosi linali pa mphasa. Analikhoma ndi kalipentala wa m'mudzi ndi matabwa a madesiki othyoka, ndipo linali lofanana mbali zonse, kumutu ndi kumiyendo, ngati bokosi losungiramo mabuku. Rute anagona mmenemo atavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku. Nkhope yake sindinaiyang'ane nthawi yaitali. Ndinayang'ana mapazi. Anali osavala kanthu, ndipo m'zidendene munali ming'alu ya chisanu imene ankaipaka mafuta madzulo alionse.

Azakhali anali atagwira nsalu yoyera ija pachifuwa. Amayi onse ankadikira kuti ndigamule.

"Mufundikeni kumiyendo," ndinatero.

Sindinkagamula mlandu wawo. Koma iwo anamva ngati ndagamula. Amayi a chigwirizano anaona kuti nsalu ya alendo ndaipatsa malo otsika, ndipo anagwedeza mitu. Azakhali anaona kuti ndalola sanda kulowa m'bokosi, ndipo anagwada msanga. Anakulunga mapazi aja mosamala, nakweza nsaluyo kufika m'mawondo, kenaka m'chiuno, kenaka pachifuwa. Mtsogoleri wa amayi anatambasula dzanja naitsitsa pang'ono kuti kolala ya bulauzi ioneke. Azakhali sanaikwezenso. Kalipentala anabwera ndi misomali yowongola, nakhoma.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu, koma silinkatentha. Mphepo inkaulutsa makoko a chimanga m'minda yokololedwa. Amuna ankasenza bokosi pamapewa, akulandizana popanda kuliika pansi, ndipo pamwamba pake anayalapo chitenje. Patsogolo amayi ankaimba nyimbo za m'buku m'Chinyanja. Chapakati amayi a m'midzi ya pafupi anayambitsa yawo m'chinenero chawo cha Chisoli, ndipo nyimbo ziwirizo zinkayenda limodzi osagwirizana. Kumbuyo kwenikweni kunali amuna atatu a zisoti zoyera, akubwereza mawu awo motsitsa. Ine ndinali pakati, ndipo ndinkamva zonse zitatu. Ana a sukulu anaima m'mbali mwa njira manja ali kumbuyo, monga ndinawaphunzitsira kuima pofola. Pa kamtsinje kouma njira inapanikiza, ndipo onyamula anachita kutembenuza bokosi kuti atsike ndi kukwera tsidya linalo. Pa mtengo wina wogwa anatembenuzanso.

Manda anakumbidwa monga timakumbira ife, kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, kuti mutu ukhale kumadzulo ndipo pa tsiku louka munthu adzadzuke akuyang'ana kotulukira dzuwa. Che Amidu anaima m'mphepete, nayang'ana dzuwa, nayang'ana dzenje. Kenaka anapita kwa a Mwanza. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mutu ukhale kum'mawa, kuti dzanja lamanja la mwana wawo likhale kumpoto, kumene iwo amayang'ana poswali. A Mwanza anakana. Anati m'manda monsemo palibe wagona choncho, ndipo Rute sangadzauke atafulatira anzake.

Onyamula anali ataimika bokosi pa mitengo iwiri yopingasa pa dzenje. Pomva mkanganowo ena anayamba kulitembenuza, ena nalibweza. Chitenje chinatsetsereka, mphepo n'kuchiponya pa chitsamba. Pamenepo mmodzi wa okumba manda, ali m'dzenje, anafunsa mokweza.

"Manje mutu uli kuti?"

Amene anali kutsogolo ananena kuti mutu uli kwa iwo, pakuti anatuluka nawo m'nyumba choncho. Ena anati ayi, pa kamtsinje paja tinatembenuza. Wina anakumbutsa za mtengo wogwa uja. Anaitana kalipentala. Iye anazungulira bokosi lake, naligogoda, nati matabwa onse anali a muyeso umodzi. Anayesa kulinyamula mbali iyi ndi iyo kuti amve kolemera, koma aliyense ankamva zake. Wina anatchula zochotsa misomali, ndipo amayi anakuwa kuti zimenezo ayi, pamanda satsegula bokosi.

A Mwanza ndi Che Amidu anayang'anana nthawi yaitali. Aliyense ankaopa kulamula kuti litembenuzidwe, chifukwa mwina akanakhala akupereka kwa mnzake chimene ankachikana. Potsiriza a Mwanza anati, "Tsitsani." Che Amidu sanatsutse. Mpaka lero sindidziwa kumene mkazi wanga analoza mutu.

A Mwanza anawerenga Malemba, mphepo ikuwatsekulira masamba ena. Anapemphera m'Chinyanja chakwathu kum'mawa, pemphero lalitali, namutchula Rute mlongo wathu. Amuna atatu aja anaima pambali pa mzere umodzi, nanena zawo ali chiimire, osagwada. Sizinatenge nthawi. Tcheyamani anayankhula za umodzi wa dziko, nathokoza boma chifukwa cha sukulu, nakumbutsa anthu za msonkhano wa madzulo. Wina anandipatsa dothi pa fosholo ndipo ndinaliponya. Linagunda thabwa la desiki, ndipo phokoso lake linali lomwe ndinkalimva tsiku lililonse m'kalasi mwana akagwetsa buku.

Atatha kuumba mtumbira, Lazaro anandigwira mkono. Woferedwa amachoka poyamba, ndipo sacheuka. Tinayenda pang'ono, anthu akutsatira m'mbuyo. Ndinacheuka.

Che Amidu anali atatsala okha pa manda. Ankayenda kuchokera mbali ina ya mtumbira kupita mbali inayo, ngati munthu wofuna khomo la nyumba yachilendo. A Mwanza nawonso anali ataona, ndipo anabwerera. Ndinamasula mkono wanga kwa Lazaro ndi kuwatsatira.

"Che Amidu, mwambo watha," ankatero a Mwanza. "Kuno akufa sitiyankhula nawo. Amene wapita wapita, ali m'manja mwa Mulungu."

"Ndi mawu ochepa, bambo. Ndimukumbutse chabe."

"Ndikulemekezani, koma manda ano ndi a mpingo."

"Asiyeni, a Mwanza," ndinatero.

Anandiyang'ana modabwa, pakuti sindinkayenera kukhala pamenepo, ndiponso sindinkayenera kuyankhula. Kenaka anavala chipewa napita kukaima pansi pa mtengo wa mpundu kumalire a manda. Sanapite kwawo.

Che Amidu anandifotokozera motsitsa mawu. Anati mapazi a anthu akangoleka kumveka, kumabwera angelo awiri. Amamudzutsa wakufayo namufunsa mafunso atatu: Mbuye wako ndani, chipembedzo chako n'chiti, mneneri wako ndani. Munthu amakhala ndi mantha ndipo angathe kuiwala. Choncho wina amatsala kuti amukumbutse mayankho. Ankayenera kukhala kumutu, koma kumutu sikunkadziwika. Ananjuta pakati, m'mbali mwa mtumbira, ndipo ine ndinanjuta nawo. Pa kolala ya jekete lawo panali singano yokhala ndi ulusi, imene anaiwala kuchotsa pochoka ku Lusaka.

Anayamba. Anaitana Asiyatu, mwana wa Mariamu, kutchula dzina la amayi ake. Zotsatira zonse zinali m'Chiarabu. Mawu awo anasintha, anakhala ngati akuimba koma osaimba. Mwa apo ndi apo ndinkazindikira kamawu kamene ndinakamvapo m'nyumba mwanga, kenaka kankamira m'mawu ena osadziwika. Atamaliza anayang'ana dothi.

"Angelowo amafunsa m'chinenero chanji?" ndinafunsa. Sindinkafuna kutsutsa. Ndinkafunadi kudziwa.

"Shehe wathu amati m'Chiarabu. Ena amati munthu amangomva basi." Anapukusa mutu. "Ine sindinapiteko, Aphunzitsi."

Anatola kamwala pa mtumbira nakataya.

"Mwana wanga anasiya madarasa a kumzikiti ali wamng'ono, amayi ake atamwalira. Ndinalibe womuperekeza. Zimene ndanenazi mwina wamvapo mawu awiri. Inenso tanthauzo lake ndinachita kuuzidwa m'Chiyao." Anandiyang'ana. "Mwananga, muuzeni inu m'Chinyanja. Ine sankandimvera. Inu ankakumverani, mpaka anachoka pakhomo panga."

Ndinagwada. Dothi linali lozizira, lofiira, lonunkhira mizu yodulidwa. Choyamba sindinadziwe dzina loitana. Ndinati, "Rute." Kenaka ndinati, "Asiyatu." Dzina limenelo ndinali ndisanalitchulepo chikwatirane, ndipo linatuluka movuta.

"Akakufunsa kuti Mbuye wako ndani, unene kuti Mulungu."

Che Amidu anavomera ndi mutu. Pamenepo panalibe vuto. Ngakhale a Mwanza akanavomera.

Panatsala mafunso awiri. Ndinkadziwa mayankho amene Che Amidu ankafuna, ndipo ndikanatha kuwanena m'Chinyanja chomveka bwino. Koma m'maganizo ndinaona Rute ataima patsogolo pa mpingo tsiku la ubatizo wake, madzi akutsika pamphumi pake, akumwetulira. Ndinkadziwanso mayankho a mpingo wanga, ndipo ndikanatha kuwanena mokweza kuti a Mwanza amve ali pa mtengo paja. Koma ndinamumvanso akuyatsa moto m'mawa, akunong'ona mawu a atate ake poganiza kuti ndili m'tulo. Ndinali nditaphunzira za zinenero za aneneri onse pa bolodi, ndi mivi yolozera uku ndi uku. Za munthu amene ndinkagona naye mphasa imodzi ndinalibe chonena. Ndikanamuuza yankho lililonse, likanakhala langa kapena la atate ake.

"Enawo uyankhe wekha," ndinatero. "Ine sunandiuze."

Che Amidu anadikira. Mphepo inkagwedeza maluwa a mapepala amene ana a sukulu anaika pa mtumbira.

"Mwatha?"

"Ndatha, Bambo."

Sananene kuti ndachita bwino kapena ndalakwa. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo, nasasa fumbi pa buluku.

"Anali wamakani chibadwire," anatero. "Angelowo achedwa lero."

Anayesa kuseka, koma nkhope inakana, ndipo anaphimba maso ndi chisoti chawo. Ndinaima pambali pawo mpaka anatha. Pochoka tinapeza a Mwanza akadali pa mtengo paja. Sanafunse chimene tinanena. Tinayenda atatu, mmodzi kumbuyo kwa mnzake chifukwa njira inali yopapatiza. Pakhomo panali beseni la madzi osamba m'manja obwera kumanda, ndipo tinasamba m'beseni limodzi.

Lole ya makala inadutsanso dzuwa litapendeka. Azakhali anandipatsa kabotolo ka mafuta onunkhira amene anabwera nawo kuti adzoze mtembo, osagwiritsidwa ntchito. Sindinadziwe chochita nako, ndipo ndinakalandira ndi manja awiri. Che Amidu atakwera pamwamba pa matumba anawerama nandifunsa ngati mwana wawo anavutika. Ndinati ayi, ankangomva kuzizira. Za mawu omaliza sanafunsenso.

Madzulo anthu ambiri anali atapita, ena ku msonkhano wa tcheyamani. Moto wa panja unatsala umodzi, ndipo Lazaro ndi abale ochepa anakhala pamenepo akuyankhula motsitsa. Amayi anali atasesa m'nyumba ndi kubwezeramo mipando, koma anaiika molakwika, tebulo pamene pankakhala kabati. Sindinaikonze. Yunifolomu yake inapita naye, ndipo pa msomali panatsala chopachikira chokha. Ndinaika kabotolo kaja pa zenera, pafupi ndi buku lake la nyimbo. Ndinakhala pa bedi nyali osayatsa, pakuti palafini anali atathera pa maliro.

Anthu atatu anandifunsa tsiku limenelo chimene mkazi wanga ananena pomaliza, ndipo sindinawauze. Sichinali chinsinsi. Ndinkangoona kuti sichikanathandiza aliyense wa iwo.

Kunali masana, ku kachipatala kaja. Namwino anali atapita kumsewu kukafuna galimoto yotipititsa ku chipatala chachikulu. Dzuwa linkalowa pa zenera kufika pa chitsulo cha bedi. Rute anali atatseka maso, ndipo ndinaona kuti mpweya wake wasintha. Ndinachita mantha. Ndinamufunsa ngati nditume munthu kwa a Mwanza kapena nditumize uthenga kwa atate ake. Ndinamufunsa pemphero limene ankafuna, la kwathu kapena la kwawo. Ndinafunsanso, pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi, monga ndimachitira ndi mwana amene sanamve funso. Anatsegula maso nandiyang'ana, ndipo pakamwa pake panaoneka kaseko kaja kamene ankandiseka nako pa nkhani ya Chigiriki.

"Imwe aTicha na mafunso," anatero. "Nizayankha mawa. Manje nifundikeni kumiyendo, nimvera mphepo."